Galu Paulendo Ndi Mwana Wosalankhula

Mukaima pamsika wa Kapata ku Chipata m'mamawa, pamene makondakitala akuitanira anthu, yang'anitsitsani mayi amene akupita kumudzi ndi mwana wa chaka chimodzi kumsana. Mayi ameneyu sananyamuke ngati mnyamata wopita kumpira, wongovala nsapato n'kukoka chitseko. Ulendo wake unayamba dzulo. Anachapa matewera, anaika khadi la kusikelo m'kapulasitiki, anathira madzi m'botolo, anapinda chitenje china chapadera, ndipo anawerengera kale kuti dzuwa likamafika paliwombo akhale ali pakhonde la agogo. Palibe anamulembera zimenezi papepala. Chikumutsogolera n'chimodzi: mwanayo sanena. Ludzu likamugwira sanena, kutentha kukamupweteka sanena, mseru ukabwera sanena. Mayi ndiye ayenera kumva zimene sizinanenedwe.

Ine ndinadziwa mochedwa kuti galu naye ali chimodzimodzi. Galu wanga ndi Khalachete. Dzinali anamutcha ndi malemu amalume, ndipo monga amakhalira mayina ambiri a agalu kwathu kuno, linali mwala woponyera mnansi wina wolongolola, galuyo anangolisenza. Tsiku lina mu Okutobala ndinapita naye kumudzi, cha ku Chiparamba. Ndinamukweza kumbuyo kwa kanta, pakati pa matumba a feteleza, n'kumumangirira kuchitsulo, ine n'kukakhala kutsogolo ndi dalaivala. Pofika, galu anali atasanza, lilime lili lende, miyendo ikunjenjemera, ndipo potsika ankaponda ngati akuyenda paminga. Azakhali anaika dzanja pachitsulo pamene galuyo anagona, n'kulichotsa msangamsanga. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanawe, akanakhala mwana wako ukanamugoneka pachiwaya chotere?" Ndinangoti, "Pepani azakhali." Kuyambira tsiku limenelo, ndikafuna kuyenda ndi galu ndimadzifunsa funso lawo lomwelo.

Khadi la kusikelo

Galu naye ali ndi khadi lake, limene ndi chikalata cha katemera wa chiwewe. Lamulo la Zambia lotchedwa Control of Dogs Act limafuna kuti galu akhale wolembetsedwa ndi wobayidwa katemera. A vetenale amabaya agalu kuyambira a miyezi 3, ndipo nthawi imene nkhaniyi imamveka kwambiri ndi cha pa 28 Sepitembala, tsiku limene mayiko amakumbukira za chiwewe. Analisankha chifukwa ndi tsiku limene anamwalira Louis Pasteur mu 1895, munthu wa ku France amene mu 1885 anapulumutsa kamnyamata kolumidwa ndi galu wachiwewe pokabaya katemera woyamba. Papita zaka zoposa 130, koma bungwe la WHO limati chiwewe chikuphabe anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onsewo chimawalowa kudzera m'mano a galu.

Katemera sali ngati ambulera, yoti mukangoitambasula mwaleka kunyowa. Ali ngati thobwa, lofuna kugona kaye kuti likome. Galu amene akubayidwa koyamba amafuna milungu 3 kapena 4 kuti thupi lake limange chitetezo, choncho kumubayitsa Lachisanu n'kunyamuka naye Loweruka n'kudzinamiza. Ndipo khadilo muziyenda nalo. Tiyerekeze kuti kumudziko galu wanu wakanda mwana ndi dzino. Balalo lisambitsidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, mwanayo apite kuchipatala tsiku lomwelo, khadi lilipo kapena palibe. Koma likakhalapo, anamwino ndi makolo akhala ndi poyambira. Likasowa, mudzi wonse ugona ndi mantha, ndipo galu wanu mwina sabwerera wamoyo.

Kagalu kakang'ono kamene sikanamalize akatemera ake ndi khanda limene silinatuluke m'chikuta. Makolo ankadziwa chimene ankachita poletsa khanda kudutsa m'manja mwa aliyense. Pali matenda otchedwa parvo, amene amasanzitsa tiagalu ndi kutitsegula m'mimba mwamagazi, ndipo kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri. Kagalu kangonunkhiza pamene galu wodwala anadzithandizira kalekale, basi katenga. Kasiyeni pakhomo.

Kuzolowera msewu

Tonse tinamuonapo mwana amene wakwera minibasi koyamba. Amayamba ndi kukhala chete, kenaka malovu, kenaka chitenje cha mayi wokhala pafupi chaona tsoka. Chimachititsa ndi m'kati mwa khutu, mmene muli tizigawo touza thupi ngati laima kapena likuyenda. Khutu likamati tikugwedezeka pamene maso akuona mpando woima, m'mimba mumasokonezeka. Galu ali ndi khutu lomwelo, ndipo agalu aang'ono ndiwo amavutika kwambiri. Iye sanena kuti dalaivala imani. Amayasamula pafupipafupi, amanyambita milomo, dovu limayamba kuchucha. Mukaona zimenezo imani, mutsitseni, aponde pansi.

Mankhwala ake ndi kuzolowera. Tsiku loyamba akhale m'galimoto yoima, injini yozima, mum'patse kanthu kokoma. Tsiku lina muyende naye kuchoka ku Kapata kufika ku Down Shops n'kubwerera. Lina mukafike naye kudamu la Lutembwe, atsike, anunkhize udzu, asangalale. Galu amene amakwera galimoto pokhapokha akamapita kukabayidwa jakisoni amakhala ngati mwana amene amalira akangoona chovala choyera cha namwino.

Pa tsiku la ulendo, adye pang'ono maola 3 musananyamuke. Mayi sakhutitsa mwana phala pakhomo pa minibasi. Madzi okha musamumane. Ndipo musanakwere muyende naye kaye kuseri, adzithandize.

Mbereko yake

Mayi sanyamula mwana m'manja mopepera pamene galimoto ikuthamanga. Amamumanga ndi chitenje, mfundo ili pachifuwa. Galu wosamangidwa m'galimoto, dalaivala akaponda buleki mwadzidzidzi chifukwa cha mbuzi yodumpha msewu, amauluka ngati thumba la mtedza loponyedwa, n'kudzivulaza yekha ndi amene wakhala kutsogolo kwake. Mbereko ya galu ndi lamba wodutsa pachifuwa ndi m'khwapa, womangirira kumpando wa kumbuyo. Lamba wa m'khosi ndi woyendera pansi, m'galimoto angamuthyole khosi. Ngati lamba wa pachifuwa mulibe, kalipentala aliyense angakukhomereni bokosi la matabwa lokhala ndi mipata ya mphepo mbali zonse, lalikulu moti galu aimirire, atembenuke ndi kugona.

Agalu amakonda kutulutsa mutu pawindo, ndipo ana amaseka akaona makutu akuuluzika. Koma pamsewu wafumbi wa kumudzi, kamwala kamodzi kothamangitsidwa ndi tayala la lole n'kokwanira kuphulitsa diso. Tsegulani windo pang'ono, polowa mphepo koma posatuluka mutu. M'buti yotseka musamuikemo ngakhale ulendo ndi waufupi.

Ambirife tilibe galimoto zathuzathu, timakwera kanta kapena vani ya mnzathu, ndipo apa ndi pamene ine ndinalakwira. Chitsulo cha kumbuyo chimatentha ngati chiwaya cha tchipisi. Yalani masaka awiri kapena mphasa yakale, mum'pangire mthunzi, ndipo chingwe chikhale chachifupi, chomangidwa pakati, choti sangafike nacho m'mphepete. Chingwe chachitali n'choopsa kuposa kusamanga n'komwe, chifukwa galu akadumpha amatsala lende kunja galimoto ikuyenda. Koposa zonse pakhale munthu wokhala naye. Za minibasi, yambani mwafunsa kondakitala ndi okwera anzanu. Akakana musakwiye, ndi ufulu wawo.

Chipata ndi mzinda wa njinga. Akuluakulu amakumbukira njinga za Eagle zimene zinkapangidwa konkuno pa fakitale ya Luangwa Industries, ndipo mpaka lero njinga ndiyo imanyamula makala, nkhumba, odwala ndi akwati. Choncho ulendo wa agalu ambiri ndi wothamanga pambuyo pa njinga, kupita kudimba kapena kumunda. Apa kumbukirani kamwana kolondola mayi ake kuchitsime. Katopa, miyendo ikuwawa, koma sikaima chifukwa kakuopa kusiyidwa. Galu naye saima inu musanaime. Adzathamanga mpaka kugwa. Palasani pang'onopang'ono, imani pafupipafupi pamthunzi, ndipo musamumangirire kunjinga. Musanamuyendetse patala, ikani kumbuyo kwa dzanja lanu pamenepo muwerenge mpaka 5 mosafulumira. Dzanja likalephera, mapazi ake alepheranso, pakuti inu mwavala nsapato, iye ayi. Pa Great East Road, pamene malole opita kumalire ku Mwami amadutsa ngati mphepo, yendani naye pachingwe, inu mbali ya msewu, iye mbali ya udzu.

Mtsuko ndi poto

Chimene chimapha agalu ambiri paulendo ndi kutentha, ndipo kuti timvetse tiyeni tilowe m'nyumba ya agogo. Pakona pali mtsuko wadothi, ndipo madzi ake amazizira ngakhale mu Okutobala. Chinsinsi chake n'chakuti dothi lili ndi timabowo tosaoneka. Madzi amatuluka pang'onopang'ono n'kunyowetsa kunja kwa mtsuko, mphepo ikamawaumitsa amanyamula kutentha n'kupita nako. Munthu ndi mtsuko. Thupi lake lonse limatuluka thukuta, ndipo thukutalo likamauma iye amazizira.

Galu si mtsuko. Ali ngati chigubu chapulasitiki chokutidwa ndi bulangeti, chotsegula pakamwa pokha. Thukuta lake limatuluka pang'ono kumapazi basi. Njira yake yeniyeni yotayira kutentha ndi lilime ndi kukhosi, n'chifukwa chake amapuma wefuwefu: akuumitsa malovu kuti azizire. Ndiye taganizani za munthu amene amamanga galu pakamwa ndi chingwe kuti asalume anthu m'galimoto. Watseka chigubu chija ndi chitsekerero. Ngati galu ndi waukali, pamafunika chotsekera pakamwa chonga kadengu, chimene chimamulola kutsegula kamwa ndi kumwa madzi. M'miyezi ya mvula, ngati Januwale ndi Febuluwale, musanyengedwe ndi mitambo. Mpweya ukakhala wachinyezi zovala siziuma pachingwe, ndipo malovu a galu nawo sauma, wefuwefu amangomutopetsa.

Thupi la galu limatentha madigiri 38 mpaka 39 akakhala bwinobwino, kuposa la munthu. Likafika 41, ubongo, impso ndi chiwindi zimayamba kuwonongeka. Mpata wa pakati pa moyo ndi imfa ndi madigiri awiri okha.

Tsono galimoto yoimikidwa padzuwa ndi poto wovundikira ali pambaula. Kunja kukakhala madigiri 30, m'kati mumafika 40 pa mphindi 10 zokha, ndipo pakatha theka la ola mumayandikira 50. Ena amati, ndatsegula windo pang'ono. Nyemba zimapsabe ngakhale chivundikiro mwachipendeketsa. Ena amati, ndingolowa mu shopu kamphindi. Ndani wa ife sanalowepo mubanki kamphindi n'kupeza mzere wofika pakhomo? Ena amaimika pansi pa mtengo wa mango, kuiwala kuti mthunzi umayenda. Mwana simungamutsekere m'galimoto n'kupita. Galunso ayi.

Galu akayamba kupsa ndi kutentha amaonetsa. Wefuwefu amakula, lilime limatambasuka n'kufiira kwambiri, dovu limakhala lonanda, maso amangoti tong'o, akayenda amadzandira ngati woledzera, ena amasanza. Apa musadikire. Mupititseni pamthunzi, mum'thire madzi ozizira a pachitsime kapena a pampopi thupi lonse, makamaka pamimba, m'khwapa ndi pakati pa miyendo ya kumbuyo, uku mukumukupiza ndi lichero kapena katoni. Mukatero mwamusandutsa mtsuko. Musamufunditse nsalu yonyowa n'kuisiya, chifukwa ikafunda imasanduka bulangeti. Amwe pang'onopang'ono ngati akutha kumwa yekha, osamutsanulira m'kamwa. Ngakhale aoneke kuti watsitsimuka, mupite naye kwa a vetenale, poti zowonongeka za m'kati zimatha kuonekera mawa lake. Agalu okalamba, onenepa, a ubweya wambiri ngati German Shepherd, ndi aakulu a mphuno yaifupi ngati Boerboel ndiwo amagwa msanga kuposa agalu athu a m'mudzi.

Choncho nyamukani mbandakucha, monga amachitira olima. Kuyambira 11 koloko mpaka 3 koloko masana, galu akhale pamthunzi. Panjira muziima pakatha ola limodzi kapena awiri.

Kamba wa paulendo

Galu amamwa mamililita 50 mpaka 60 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Galu wa m'mudzi wa makilogalamu 15 amamaliza pafupifupi lita imodzi, ndipo tsiku lotentha, akuyenda, akhoza kumwa kawiri kuposa pamenepo. Nyamulani chigubu chake cha malita 2 kapena 3 ndi kambale kake, pakuti ena mwa madziwo mudzamuthira pathupi. Ena amati galu amwa m'njira. Koma zithaphwi za m'mphepete mwa minda ya thonje ndi fodya ndi momwe anthu amatsukira masipuleya, ndipo pafupi ndi dipi ya ng'ombe madzi ake ndi poizoni.

Chakudya chikhale chimene anazolowera, kaya ndi nsima ya kapenta kaya ndi cha m'thumba chogula. Tsiku la ulendo si loyesera zatsopano. Kumudzi akakupherani nkhuku, mafupa ake ophika musamuponyere. Fupa la nkhuku likaphikidwa limasweka ngati nsungwi, zidutswa zake zakuthwa zimabaya kukhosi ndi matumbo. Anyezi wambiri amawononga magazi a galu, ndipo chokoleti chimamusokoneza mtima. Muzimuyang'ananso kuseri kwa nkhokwe, kumene eni nyumba amaika mankhwala a makoswe.

Pali malo amodzi pamene fanizo la mwana lingakusocheretseni. Mwana akatentha thupi mayi amathyola Panado pakati n'kumumwetsa. Galu musamutero. Mankhwala a anthu opha ululu, makamaka Brufen, amayambitsa zilonda m'mimba mwa galu ndi kupha impso zake, ndipo Panado wopitirira muyeso amawononga chiwindi. Chiwindi cha galu sichigaya mankhwala mmene chimagayira cha munthu. Mankhwala aliwonse achokere kwa a vetenale.

M'thumba mwake muikemonso chingwe china chapadera ndi saka limene amagonera kunyumba. Saka limenelo ndi chitenje cha mayi ake: likununkha kwawo, ndipo akaligonera kuchilendo mtima umakhala pansi. Palamba wa m'khosi lembanipo nambala yanu ya foni, ngakhale pakachitsulo kodula pachitini. Galu wosochera kuchilendo alibe pakamwa ponenera kuti ndine wa a uje.

Odi wa galu

Mukafika ndi mwana kumudzi, aliyense amatambasula manja kuti amulandire. Mukafika ndi galu, nkhuku zimabalalika, ana amathawira m'nyumba, agalu a pamudzipo amaimika ubweya. Mwana ndi mlendo wa onse, galu ndi mlendo wanu nokha, ndipo mlandu wake ndi wanu. Choncho muuzeni mwini nyumba pafoni musananyamuke kuti mukubwera ndi galu. Pali mabanja amene salola galu pakhomo. Abale athu ambiri achisilamu, amene ndi ochuluka ndithu m'Chipata muno, amapewa malovu a galu chifukwa cha ukhondo wa mapemphero. Pali ana amene analumidwapo ndipo mantha sanawathere. Kufunsa ndiye odi wa galu.

Pofika, mugwireni pachingwe musanalowe pabwalo. Agalu a eni nyumba akumane naye panjira, kunja kwa bwalo, chifukwa galu pakhomo pake ndi mfumu ndipo salola mlendo kungolowa. Alekeni anunkhizane, chingwe chili cholekerera, inu muli tcheru. Akayamba kulumana musalowetse dzanja pakati, athireni madzi. Galu wamkazi amene ali pa nyengo yake asayende n'komwe, pokhapokha ngati mukufuna msonkhano wa agalu onse a m'mudzi ndi ana agalu pakatha miyezi iwiri.

Galu wa m'tauni, wokulira mumpanda, sadziwa kuti nkhuku ndi chuma cha munthu. Iye amaona chidole chothamanga. Mwanapiye mmodzi, kamwana ka nkhumba kamodzi, ulendo wocheza wasanduka mlandu kwa anyakwawa. Mumangirireni pamthunzi pamene akukuonani, madzi ali pafupi, ndipo muzimusuntha dzuwa likamasuntha. Anawo auzeni kuti asamuzungulire, asamukoke mchira, asamuyandikire akamadya.

Mukapita naye kumunda kapena kukakwera phiri la Kanjala, maso akhale pansi. Mphiri siithawa, imangogona panjira, ndipo mphuno ya galu ndiyo imafika poyamba. Chitedze chimamuyabwa monga chimayabwira inu. M'chilimwe, pamene anyamata atentha tchire posaka mbewa, phulusa la lupsa limaoneka lozizira pamwamba koma pansi pali makala. M'tchire muli misampha ya waya yotchera agwape ndi akalulu, ndipo waya sasankha khosi.

Kumene galu sayenera kufika

Mayi amadziwa kuti pali maulendo ena osatengera mwana. Kwa galu, woyamba ndi wa kuchigwa cha Luangwa. Kuchoka ku Chipata kupita ku Mfuwe ndi makilomita oposa 100, ndipo msewu wake ndi wotsetsereka: Chipata ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, Mfuwe ali pafupifupi theka la pamenepo. Mu Okutobala kumeneko kumatentha kupitirira madigiri 40. Kulinso akashembe, ntchentche zoluma zimene zimalondola galimoto yoyenda ndi kukonda zinthu zakuda ndi zabuluu. Kwa munthu zimabweretsa kaodzera, kwa galu matenda ofanana nawo, amene amamutenthetsa thupi, kumuwondetsa, kuchititsa maso ake kuyera ngati mwagwa nkhungu, ndipo akachedwa kulandira mankhwala amafa. M'mphepete mwa Luangwa muli ng'ona, ndipo galu wakumwa madzi pagombe ndi ndiwo yosavuta.

M'nkhalango ya South Luangwa galu woweta saloledwa, ndipo pachipata adzakubwezani. Chifukwa chake sikuteteza galu wanu yekha. M'chigwamo mumakhala mimbulu, agalu a m'tchire a mawangamawanga amene atsala ochepa mu Africa yense, ndipo chiwewe ndi matenda ena a agalu oweta amatha kupulula gulu lonse. Agalu amene mungawaone pantchito kumeneko ndi a bungwe la Conservation South Luangwa, amene kuyambira 2014 akhala akununkhiza minyanga ya njovu, mfuti ndi nyama ya m'tchire m'magalimoto ndi m'katundu. Amenewo ndi antchito ophunzitsidwa, okhala ndi owasamalira awoawo ndi dokotala.

Wachiwiri ndi wodutsa malire. Mwami ali pafupi, makilomita osakwana 30, ndipo ambirife tili ndi abale ku Mchinji. Koma galu sadutsa ndi chiphaso chanu. Amafunika zikalata za a vetenale ndi chilolezo cha dziko limene akulowa, ndipo zimenezi sizitheka m'mawa umodzi.

Wachitatu ndi wa pachikhamu. Nc'wala ya ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale, pamene Angoni amasonkhana kwa Nkhosi yamakhosi Mpezeni, ndi Kulamba ya ku Mkaika, ku Katete, kumapeto kwa Ogasiti, pamene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndi masiku okoma kwa munthu. Kwa galu, amene makutu ake amamva kuposa athu, ng'oma, nthungululu, fumbi ndi miyendo zikwizikwi ndi chizunzo. Galu wamantha amachita ziwiri: amathawa kapena amaluma. Pamaliro ndi pa ukwati n'chimodzimodzi. Masiku oterowo musiyireni madzi, mthunzi ndi munthu womuyang'anira. Mayi wosiya mwana kwa agogo sanamude mwanayo.

Pobwerera

Mayi akafika kunyumba madzulo amasambitsa mwana, ndipo posambitsapo ndi pamene amaona chilichonse: kachilonda, katsabwe, kotupa. Inunso khalani pansi ndi galu wanu kusanade. Pitani ndi zala m'makutu, m'khosi, m'khwapa ndi pakati pa zala za kumapazi. Nkhupakupa muigwire pafupi ndi khungu n'kuikoka mowongoka, pang'onopang'ono, osaiotcha ndi moto. Chotsani minga ndi zisoso. Yang'anani ngati mapazi sanasupuke. Akagona padothi pansi pa mitengo, pakatha masiku angapo mukhoza kuona tizithupsa tokhala ndi kabowo pakati, mmenemo muli mphutsi za ntchentche zina zimene zimaikiranso mazira pazovala zoyanika pansi.

Kwa milungu iwiri kapena itatu muzimuyang'anitsitsa. Akakana chakudya, akamangogona, usinini ukayera, mkodzo ukada ngati tiyi, ndiye kuti nkhupakupa yasiya matenda m'magazi. Popita kwa a vetenale mukanene kumene munapita ndi tsiku lake. Iye sangakanene, mboni yake ndinu.

Chaka chotsatira ndinabwereranso kwa azakhali ndi Khalachete. Tinanyamuka tambala atangolira kachiwiri. Ndinakhala naye kumbuyo kwa kanta, pamasaka, chigubu chili pakati pa miyendo yanga, khadi lake lili m'thumba la malaya. Tinafika mame asanaume. Galu anatsika yekha, n'kugwedeza mchira. Azakhali anatuluka m'nyumba, osandipatsa moni, anapita kaye kukaika dzanja pamasaka paja. Kenaka analowa, n'kutuluka ndi kambale ka madzi a mumtsuko, n'kukaika pamaso pa galuyo. Ndinati, "Nanga ine, azakhali?" Iwo anati, "Iwe uli ndi pakamwa, upempha wekha."